Pulagi Yonyowa pa Namisale

Nkhani iyi anatiuza ndi Layisoni makaniko tili pa siwa, nkhuni zitanyowa, utsi ukutilowa m'maso. Ndi nkhani ya mlamu wake, Witinesi Namakhwa, wa kabaza wa njinga yamoto. Mwiniwakeyo sakonda kuikamba. Ukamufunsa amangoti njinga ili bwino, n'kuyamba za mpira.

Witinesi amakhala kutsidya kwa mtsinje wa Namisale ndi mkazi wake Enelesi, mlongo wake wa Layisoni, ndi kamwana kawo kakakazi, Sungeni. Ntchito yake ya m'mawa inali yonyamula madengu a tomato a amayi a geni kupita nawo kumsika. Ankanyamuka atambala akulira, nkhungu isanachoke, madengu atawamanga pampando wonse wakumbuyo. Msewu wake ndi umodzi. Umatsika n'kuwoloka Namisale pa simenti yoyala pansi ija, imene madzi amayenda pamwamba pake. Kenako umakwera chitunda, kudutsa mudzi watsopano, n'kukafika kumsika ndi kuchipatala.

Pa Namisale pamenepo kale panali mudzi. Chaka chimene phiri linagumuka, madzi anatsika ndi miyala ndi mitengo n'kuusesa wonse. Opulumuka anakamanga kumtunda, ndiwo mudzi watsopanowo. Mwa amene anakokoloka, ena anapezeka n'kuikidwa. Ena mpaka lero. Pamalopo pano pali mchenga, miyala ikuluikulu ngati nkhokwe, ndi mtengo wa mango wopendekeka.

Dzinja litayamba, njinga ya Witinesi inayamba kuzima pa Namisale. Tsiku loyamba sanadabwe, chifukwa madzi anali ambiri ndipo anathovukira pa injini. Anaikankha mpaka kutsidya, anazula kapu ya pulagi, anaipeza ili ndi madontho mkati. Anaipukuta ndi malaya, anauzira ndi pakamwa, anaibwezera. Ataponda kiki njinga inalira, iye n'kumapita.

Mawa lake madzi anali ataphwera, osafika n'komwe pa masipoko. Koma atafika pakati pa simenti, injini inatsokomola n'kungoti zii. Kapu inali yonyowa ngati dzulo. Mkuja wake chimodzimodzi. Ndiye anapita kwa mlamu wake.

Layisoni ali ndi kashedi kake kuseri kwa msika. Anamvetsera, manja akupukuta ndi chisanza.

"Alamu, pulagi ndi chinyezi sizimwerana madzi," anatero, n'kuseka yekha. "Moto umachoka ku koyilo, umayenda mu waya uyu, umalowa mu kapu, n'kukathetheka kunsonga kwa pulagi mkati mwa injini. Kapu ikanyowa, kapena waya akang'aluka, motowo umadulira njira yachidule, umathawira kuchitsulo cha njinga. Shoti ndi imeneyo. Tatsekani chitsekocho muone."

Witinesi anatseka, m'shedi munada. Layisoni analiza njinga n'kuwaza timadzi pa waya. Pamene wayayo ankakhuzana ndi chitsulo panayamba kuoneka timoto tobiriwira, tikudumpha thethethe.

"Mfiti yanu ndi imeneyo," anatero Layisoni.

Anaika waya watsopano n'kumudutsitsa patali ndi chitsulo. Anaika kapu yatsopano, pakamwa pa labala wake n'kupakapo girisi pang'ono kuti madzi asalowe. Anaikanikiza ndi manja awiri mpaka inati gwa.

"Girisi pa labala pokha, osati pachitsulo cha pulagi. Njinga muziigoneka pakhonde, osati pamame. Ndipo injini ikatentha musamaithire madzi."

Witinesi anabwerera kwawo mtima uli m'malo.

M'mawa mwake njinga inazimanso pamalo omwe aja. Atawunika ndi foni, anapeza kapu yatsopano ija itazuka, ikulendewera pa waya, madzi akudontha. Anainunkhiza. Madzi a Namisale amawadziwa, amasamba momwemo. Awa ankanunkha ngati matope a pansi pa chitsime chakale.

Anatulutsa sipanala, anamasula pulagi kuti aiumitse, sipanala n'kuiika pamwala. Atatembenuka kuti aitenge, pamwalapo panalibe kanthu. Anasaka mu mchenga, anapapasa m'madzi, osaipeza. Pulagi anangoimanga ndi zala, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka kumsika. Tsiku lotsatira, njinga itazimanso, sipanala inali pamwala womwewo, yoikidwa bwinobwino, yonyowa.

Anafunsa anzake a kabaza ngati nawonso zimawachitikira. Onse anakana. Koma iwo ankawoloka dzuwa litatuluka. Wowoloka kuli nkhungu anali iye yekha.

Kenako inabwera nkhani ya dengu. M'mawa wina ali chiweramire kupukuta kapu, anamva chingwe chikukhwefuka kumbuyo kwake. Atadzuka anapeza dengu limodzi lili pansi pa simenti. Silinagwe. Dengu logwa limamwaza tomato. Ili linali chilili, lodzaza, ngati munthu walinyamula n'kulitula mosamala, ndipo pampando pamene linali panatsala malo. Witinesi anayang'ana uku ndi uku. Pansi pa mango paja panali munthu ataima, atafunda chitenje kumutu.

"Mwadzuka bwanji, mayi?" anatero.

Sanayankhidwe. Anakweza dengu, anamanga chingwe. Atayang'ananso pa mango panalibe munthu. Kumsika mwini dengu anadandaula kuti tomato wake akununkha matope.

Tsiku limenelo Witinesi anapitanso kwa Layisoni, n'kumuuza zonse, za sipanala, za dengu, ndi za munthu wa pa mango. Layisoni sanaseke.

"Zoterozo sindizikana, alamu. Ndinakulira konkuno. Koma ine gawo langa ndi pulagi. Tiyeni tiitseke moti wochotsayo achite kubwera ndi pulayala."

Anadula chidutswa cha chubu chakale, anachiveka pa kapu ngati sokosi mpaka chinaphimba polumikizira ponse. Anachimanga ndi waya wopyapyala pamwamba ndi pansi, n'kukulunga tepi yakuda mosanjikiza. Kutsogolo kwa injini anamangako kachitsulo kotchinga madzi othovuka ku tayala. Atamaliza analiza njinga, anatunga ndowa yodzaza, n'kuikhuthulira pa kapu pomwepo. Nthunzi inakwera, koma injini sinasinthe n'kalilidwe komwe.

"Ikazimanso mudzandiuze, ndisiye ntchito ndikalime nandolo," anatero.

Sinazime. M'mawa mwake Witinesi analowa pa simenti nkhungu ili phaa. Atafika pakati anamva kuzizira pabondo lakumanja, mbali imene kuli pulagi, ngati chinthu chonyowa chikupapasa. Injini inatsokomola kamodzi n'kupitiriza kulira. Anawonjezera moto, njinga inatuluka m'madzi n'kuyamba chitunda. Ndi pamene anamva mapazi kumbuyo. Anali mapazi opanda nsapato, onyowa, akuthamanga phwa phwa phwa. Anasuzumira pagalasi, munali nkhungu yokhayokha. Mapaziwo anamutsata mpaka pamwala wina wa pakona ya msewu, pomwepo n'kutha.

Kumsika anayang'ana kapu. Tepi inali ndi mikwingwirima, ngati wina amaikanda ndi zikhadabo. Mwendo wa buluku unali wonyowa kuyambira pabondo mpaka kunsi.

Madzulo Enelesi akuchapa bulukulo anaona kuti matope ake ndi akuda, osalala, osachoka ndi sopo. Anamufunsa mwamuna wake, ndipo Witinesi anafotokoza.

"Bambo a Sungeni, bwanji muzinyamuka kutacha?"

"Msika wa tomato ndi wa m'mawa. Ndikachedwa, amayi aja apeza wina."

Enelesi anafinya buluku.

"Kwathu kuno munthu akamathamangira njinga, ndiye kuti akufuna kukwera," anatero.

"Akwere pati? Kumbuyo konse ndi madengu."

Enelesi anakayanika buluku patali ndi zovala za mwana.

Zinapitirira choncho masiku angapo. Njinga sinkazima, koma kuzizira pabondo kunkabwera, kenako mapazi aja mpaka pamwala wa pakona. Madzulo aliwonse Witinesi ankapukuta injini, n'kuwonjezera tepi pamene yakandika, n'kuphimba njinga ndi pepala lapulasitiki pakhonde. Tulo tinamuchepera. Anzake anayamba kumufunsa ngati akudwala.

Koma amene anadwala ndi Sungeni. Anayamba kutentha thupi madzulo, mvula ikugwa. Anamumwetsa panado, anamupukuta, osasintha. Cha m'bandakucha mwana anauma, maso anatembenuka, timanja tikugwedezeka.

"Bambo a Sungeni, dzukani! Mwana akukomoka!"

Witinesi sanavale n'jekete yomwe. Anatulutsa njinga. Enelesi anabereka mwana kumbuyo, anamanga chitenje zolimba, anakwera. Mvula inali itakata koma msewu unali woterera, ndipo phokoso la Namisale analimva adakali patali.

Atafika m'mbali mwa mtsinje anaima. Madzi anali ofiira, othamanga, ofika pafupi ndi m'mawondo. Simenti sinkaoneka.

"Tiwoloka?" anafunsa Enelesi.

"Pulagi ndi yotseka. Ikangopanda kuzima, tiwoloka. Gwiritsitsani."

Analowa ndi giya yoyamba, mapazi akukwakwaza pansi. Madzi ankakankha njinga chammbali, paipi ya utsi ikubwibwita. Anadutsa pakati bwinobwino. Atatsala pang'ono kutuluka, kuzizira kuja kunafika pabondo. Tsiku limeneli sikunali kupapasa ayi. Anamva tepi ikung'ambika, kwee, kenako kawaya komangira chubu kakudukanso. Injini inatsokomola, inatsokomolanso.

Witinesi anadziwa kuti kapu ikazuka pamenepo, sangathe kuigwira njinga m'madzi otero ali ndi anthu awiri kumbuyo. Ndipo ngakhale atawoloka, kuchipatala wapansi sangafike mwana adakali moyo. Anagwira kilatchi, anaponda pansi ndi miyendo yonse, moto osausiya. Anayankhula osayang'ana pansi.

"Mayi, ndapota nanu. Siyani pulagiyo. Mwana wanga akudwala."

Kukoka kuja kunaleka, koma kuzizira kunali pomwepo.

"Lero madengu palibe. Malo alipo. Kwerani."

"Bambo a Sungeni!" Enelesi anamutsina m'nthiti. "Kumbuyoko kuli mwana!"

"Ndikudziwa. Senderani kuno."

Enelesi anayamba kulira, koma anasendera, anadzipanikiza pamsana pa mwamuna wake. Kuzizira kunachoka pabondo. Panapita kanthawi kochepa, kenako njinga inatitimira kumbuyo, monga imachitira munthu wamkulu akakhala. Injini inabwerera m'malo mwake. Witinesi anamasula kilatchi, anatuluka m'madzi, anayamba chitunda.

Njinga inali yolemera. Panalibe mapazi owatsata. Anadutsa pamwala wa pakona, kulemera kunali pomwepo.

Zimene zinachitika kumbuyoko anadzafotokoza Enelesi kwa mchimwene wake patapita nthawi. Akuti chinthucho chinatsamira pa mwana, ndipo madzi ozizira anayamba kuyenderera pamsana pake mpaka m'chiuno. Fungo linali la matope aja. Kupuma kwa munthu sanakumve. Ankafuna kumukokera mwana kutsogolo, koma manja ake anali atauma m'chiuno mwa Witinesi. Pamalo ena njinga inagunda chibowo, chitenje chinakhwefuka, ndipo anamva Sungeni akutsetsereka. Asanakuwe, china chake chinamuchirikiza mwanayo kumatako n'kumukwezera m'mwamba, monga amachitira mayi wozolowera ana. Chinamugwira choncho njira yonse.

Atalowa m'mudzi watsopano kunali kukuyera. Pa mjigo pali kanjira kolowera kumanzere. Pamenepo Witinesi anamva kugogoda paphewa, monga amachitira wokwera akafika potsikira. Manja a Enelesi onse anali m'chiuno mwake. Anaima. Njinga inadzuka kumbuyo. Palibe amene anacheuka. Anangoika giya n'kumapita.

Kuchipatala namwino anamasula chitenje. Mwana anali wonyowa thupi lonse, wozizirira, akupuma bwino, maso atabwerera. Atamuyeza anapeza malungo ambiri, n'kumuika diripi.

"Mwachita bwino kumufunditsa nsalu yonyowa panjira," anatero namwinoyo. "Kutentha kukanapitirira, bwenzi tikunena zina."

Enelesi anangoyang'ana pansi.

Dzuwa litakwera Sungeni anadzuka n'kupempha madzi akumwa. Witinesi anakhala naye mpaka masana, kenako ananyamuka kukatenga bulangete ndi mapoto kunyumba, popeza achipatala anawauza kuti mwana agonekedwa. Anayamba wadzera kwa Layisoni. Tepi inali itang'ambika mpaka pa chubu, kawaya kapamwamba kataduka, kapansi kokha ndi kamene kanagwira. Layisoni anayang'ana nthawi yaitali. Anamanganso, anakulunga tepi ina, osanena nthabwala iliyonse.

Pobwerera, Witinesi anapeza anthu atasonkhana pa mjigo paja. Kunyumba ina ya m'kanjira kaja kunkamveka amayi akulira motsitsa. Anachepetsa liwiro monga mwa mwambo, n'kutsika kuti aikankhe njinga. Mkulu wina woonda, wa imvi, anatuluka m'gulumo n'kumuimitsa ndi dzanja. Anali a Makawa, mmodzi wa opulumuka a mudzi wakale.

"Ndinu munaima pano m'mawa?"

"Ndine, bambo."

"Tabwerani."

Anamutengera kunyumba ija. Kuyambira pakhonde mpaka pakhomo panali matope akuda, osalala. M'nyumba munali mphasa yoyala, yonyowa mbali imodzi.

"Mkazi wanga, Nasimango, anapita ndi madzi aja," anatero a Makawa. "Sitinamupeze. Abale anati tilire maliro, ine ndinakana. Ndinati munthu sindinamuone, ndilira chiyani? Ndiye lero m'mawa ndinamva njinga itaima, kenako kugogoda. Ndinatsegula. Sindinaone munthu. Koma mkazi wako umamudziwa mmene amalowera m'nyumba."

Witinesi anangoti, "Pepani, bambo."

"Musapepese. Nyumba ino sanaionepo, tinamanga iye kulibe. Akanaidziwa bwanji yekha? Ndamuyalira mphasa, wapuma. Mawa timulira bwinobwino, monga amalirira munthu." Anamugwira dzanja ndi manja awiri. "Mwana ali bwanji? Ndamva kuti munali ndi wodwala."

"Wadzuka. Wamwa madzi."

"Eya. Mkazi wanga ana ankawadziwa."

Anatuluka limodzi. Panja anthu aja anali atasendera pafupi ndi njinga, koma palibe amene ankaikhudza. Panali amuna, amayi, ndi nkhalamba zingapo. Witinesi ankawadziwa ambiri, anthu amene abale awo anapita ndi madzi aja osapezeka. Uyu anataya mchimwene wake, uyo ana awiri, winayo mayi ake ndi mdzukulu. Onse ankamuyang'ana iye.

Mayi wina wachitsikana, atagwira chidebe chopanda madzi, anagwada pang'ono mwaulemu.

"Achimwene," anatero, "mawa mudutsanso?"

Witinesi anayang'ana kumunsi, kumene kuli mtsinje. Anayang'ananso nkhope zija.

"Ndidutsa," anatero. "M'mawa, kusanache."